Buledi wa m'paipi

Paipi ya mkuwa yolowetsa madzi kukhitchini kwa amayi ku Ruda inayamba kudontha chaka chimene bambo anamwalira. Ine ndikabwera kuchokera ku Mutare ndinkangokulunga polumikizirapo ndi mphira wa chubu cha njinga. Mphirayo ankagwira mwezi umodzi kapena iwiri, basi, amayi n'kubwezeranso beseni pansi pake. Ulendo uno ndinapeza khoma lafewa moti chala chinkalowa m'dothi la pakati pa njerwa. Unali Okutobala, ndipo aliyense wodziwa mvula ya ku Honde akudziwa kuti khoma lotere silifika Febuluwale.

Aneba anandiuza zanzeru: chotsa mkuwawo, kagule paipi yakuda yapulasitiki ku Hauna, yomwe aliyense m'chigwa muno amatsitsira madzi kuchokera m'mapiri kupita m'minda ya nthochi. Amayi anangoti, "Ayi."

Bambo anachoka ku Thyolo m'nthawi ya Chitaganya, nadzera ku Tete. Anayamba n'kuthyola tiyi ku Chipinge, kenako anasamukira kuno, kumene anakhala wothandizira pulambala pa esiteti ina. Popuma ntchito anawalola kutola zidutswa za mapaipi a m'nyumba zakale, ndipo anazilumikiza okha chimodzichimodzi. Pa mamita anayi ndinawerengapo malo olumikiza 11. Munthu amene chitupa chake chinali ndi chilembo cha A, kutanthauza mlendo, wopanda kumudzi koti n'kuloza kuno, analowetsa madzi m'nyumba ya mkazi wake ndi zotaya za eni ake. Malamulo a dziko a 2013 anatsegulira ife ana obadwira kuno njira ya unzika, koma pamenepo n'kuti iwo atasiya kalekale kuyembekezera zoterozo.

Ndinatulutsa bokosi lawo la zida: blowlamp ya palafini, sandipepala, kachitini ka flux kouma. Solder ndinagula watsopano wopanda mtovu, poti madziwo ndi akumwa. Ndinatseka valavu, n'kupala kunja kwa paipi, n'kuwotcha. Solder anangoundana timibulu n'kugwera pansi. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu ndinapsa chala, ndipo ndinatukwana m'Chishona.

Vuto linali madzi. Valavu yakaleyo sitsekeka kwenikweni, ndiye timadzi tinkangobwerabe. Madzi amawira pa madigiri 100 pamene solder amafuna kupitirira 200, choncho moto wanga wonse unkathera kuphika nthunzi.

Amayi anali pampando wawo pakhomo, akuonerera.

"Iwe, tabweretsa buledi uja."

"Mukufuna tiyi, amayi?"

"Ndati buledi. Komanso uzule kaye pamenepo. Bambo ako sankamata pamwamba ngati akuzira nyumba."

Ndinatenthetsa mpaka zitsulo ziwirizo zinalekana. M'kati munali mwakuda. Ndinapala monse, m'kati ndi kunja, mpaka mkuwa unawala ngati khobidi latsopano, n'kupaka flux nditamufewetsa. Amayi anachotsa khungu la buledi, n'kuumba zofewa za m'katizo ngati mbamu ya nsima, n'kundiuza kuti ndikankhire m'paipi ndi pensulo. Buledi amamwa timadzi tija kwa mphindi zochepa, zomwe n'zokwanira. Moto ndinaulozetsa pa chitsulo chakunjacho, solder n'kumugunditsa mbali inayo. Anasungunuka n'kulowa yekha mumpata, ngati akuyamwidwa, mpaka kamzere kowala kanazungulira. Zaka zonse zija ndinkawagwirira bambo tochi, koma maso anga ankakhala kumpira wa anzanga panja. Amene ankaona ndi amayi.

Titatsegula mpopi panatuluka phala loyera, kenako madzi. Ndinapukuta polumikizirapo ndi nsalu youma n'kudikira. Sipananyowe.

Amayi anadzuka, nasisita ndi chala pomwe ndinawotchererapo, kenako pa ena khumi aja. Panga panali mabampu.

"Akanakuseka," anatero.

Beseni lija sanalichotse. Mlongo wanga akuti linakhala pomwepo sabata yathunthu, louma, kenako anayamba kusungiramo mapeyala.