Malenzi Akale ndi Minda ya Tiyi ya ku Honde

Okonda kujambula akamatsutsana za malenzi akale, nkhani yawo imakhala ya kuthwa kwa chithunzi: ndi lenzi iti imene imaonetsa tsamba lililonse mpaka kumphepete, ndi iti imene imachita chimbuuzi ikayang'anizana ndi dzuwa. Mafunsowa ndi oyenera. Koma nditayesa malenzi anga anayi m'minda ya tiyi yozungulira Hauna, m'boma la Mutasa kum'mawa kwa Zimbabwe, ndinapeza kuti kusiyana kwawo kwakukulu kuli pa kukula kwa munthu amene akuthyola tiyiyo m'chithunzi chilichonse.

Malenzi a zaka makumi asanu kapena kuposerapo akugwiranso ntchito chifukwa cha makamera atsopano opanda kagalasi kobweza kuwala mkati mwake. Pa Sony A7, imene inatuluka mu 2013, mtunda wochokera pakamwa pa kamera kukafika pa sensa ndi mamilimita 18 okha. Lenzi yomangira ngati bawuti, ya mtundu wa M42, inapangidwira mamilimita 45.46, ndipo ya Nikon F mamilimita 46.5. Adaputala ndi kachitoliro chabe kachitsulo, kopanda galasi, kamene kamadzaza mpata wotsalawo. Zina zonse umachita ndi dzanja: kupotokola mpaka chinthu chioneke bwino, ndi kusankha kukula kwa kabowo kolowera kuwala. Mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi lenzi yatsopano, n'chifukwa chake ambirife timayambira pomwepa.

Chigwa cha Honde chimayesa lenzi mosanyengerera. Kumtunda kuli phiri la Nyangani, lalitali mamita 2,592, ndipo mathithi a Mutarazi amagwa mamita opitirira 700 kuchokera pamwamba pa phompho. M'munsi muli mtundu wobiriwira wamitundumitundu: wa nthochi, wa nkhalango, wa tiyi wongophuka kumene. Nthawi zina kumagwa kamvula kankhungu kamene anthu akuno amati guti, komwe ku Mulanje ndi ku Thyolo timati chiperoni. Kuwala kotere kumaulula msanga lenzi yofooka.

Nikkor 28mm f/2.8 AI-S, ya mu 1981, ndiyo imapambana pa kuthwa. Ukaika pa f/8, mizere ya tiyi imaoneka bwino kuyambira pamapazi pako mpaka tsidya la Pungwe, ndipo utoto wotetezera magalasi ake sulola nkhungu yowala kufafaniza mitundu. Imatenga phiri, mitambo ndi munda nthawi imodzi. Komabe amayi khumi amene ali pakati pa mundawo, madengu kumsana, amasanduka timadontho tofiira ndi tachikasu, ngati maluwa omera okha. Woona chithunzicho amayamikira chilengedwe, pamene tchire lililonse la tiyi linadzalidwa, kuduliridwa ndi kusalazidwa ndi manja a munthu.

Helios 44-2, ya 58mm f/2, inapangidwa yambirimbiri ku Soviet Union motsanzira Biotar ya Carl Zeiss, ndipo inkabwera pamodzi ndi makamera a Zenit. Ukaitsegula yonse, pakati pamathwa koma kumbuyo kumazungulira ngati madzi a mumtsuko wotakasidwa. Dzuwa likalowa chammbali, chithunzi chonse chimayera mbuu. Super-Takumar 50mm f/1.4 ya Asahi Pentax, ya m'ma 1960, ili ndi khalidwe lina: galasi lake lina lili ndi thorium, ndipo pakapita zaka limasanduka lachikasu. Chikasucho chimachepa ukaiika padzuwa kwa masiku angapo, koma ambiri amachisiya dala popeza chimapaka chigwa chonse mtundu wa uchi. Malenzi awiriwa amapereka chithunzi chokoma ngati cha pa kalendala yakale. Kukoma kumeneko ndimakuopa, chifukwa kumapangitsa malo amene anthu akugwiramo ntchito lero kuoneka ngati maloto a masiku amakedzana.

Masiku amakedzanawo ali ndi mbiri imene ifenso tilimo. Tiyi anayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje mu 1891. Ku Southern Rhodesia anafika mu 1924, pa esiteti ya New Year's Gift pafupi ndi Chipinge, pomwe panaphukira kampani ya Tanganda, ndipo m'ma 1950 anakwera kumpoto kukafika ku Honde, kumalo monga Aberfoyle. Minda ndi migodi ya dzikoli inkadalira kwambiri anthu ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique. Ena anabwera wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera mwa Mthandizi. Ambiri sanabwerere, ndipo kwathu anawatcha machona. Ana awo, obadwira m'makomboni a m'maesiteti, anakula ndi ziphaso zolembedwa kuti ndi alendo. Lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ambiri a iwo opanda dziko, mpaka malamulo aakulu a mu 2013 anavomereza kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika. Anthu amene mapepala a boma anawabisa kwa zaka zonsezo sindifuna kuti lenzi yanga iwabisenso.

Apa ndi pamene Super-Takumar 135mm f/3.5 imandithandiza. Ndi lenzi yaing'ono, yotchipa, ndipo ambiri saiwerengera pa ntchito yojambula mapiri. Koma imakokera kutali pafupi. Mapiri amene ali motalikirana amaoneka osanjikizana, lililonse ndi mtundu wake wa nkhungu, ndipo munthu amene ali pamzere wachitatu wa tiyi amalingana kukula ndi phiri la kumbuyo kwake. Pa f/5.6 umaona pulasitiki yomangidwa m'chiuno yotchinga mame, lamba wa dengu pamphumi kapena pamapewa, ndi zala zikuthyola masamba awiri ndi nsonga. Malo amakhalabe okongola, koma tsopano ukudziwa amene anawakongoletsa.

Lenzi yotere ili ndi msampha wake. Imakulola kujambula munthu uli kutali iye osadziwa, ndipo kutero ndi kuba. Wothyola tiyi amalipidwa malinga ndi makilogalamu, choncho kumuimitsa ndi kumudyera ndalama. Chimene ndimachita n'kudikira nthawi yoyezetsa kapena yoweruka, n'kupereka moni. Ndikati "Mwaswera bwanji, amayi?" ambiri amayankha m'Chishona, koma nthawi zina wachikulire wina amatembenuka n'kufunsa kuti, "Kwanu n'kuti, mwanangu?" Akatero amatchula mudzi wa bambo ake ku Phalombe kapena ku Nsanje, kumene iye sanafikeko. Ena amalola kujambulidwa, ena amakana, ndipo okanawo sindiwajambula ngakhale lenzi ikuwafikira. Kupotokola ndi dzanja kumathandizanso, chifukwa umachedwa mokwanira kuti munthuyo akonze duku n'kuima mmene akufunira kuoneka.

Wofuna kupita ku Hauna ndi malenzi akale akumbukire kuti chinyezi cha kumeneko chimameretsa chuku m'kati mwa magalasi, ndipo chuku chikakhalitsa chimadya utoto wake. Usiku aziwatulutsa m'chikwama chachikopa n'kuwasunga m'kabokosi kotseka bwino kokhala ndi timapaketi toyamwa chinyezi. Atenge 28mm chifukwa cha Mutarazi ndi mitambo. Helios ndi 50mm yachikasu angazisiye kunyumba. Koma asasiye 135mm, ndipo asungeko ndalama yotsukitsa zithunzi, chifukwa amene walola kujambulidwa amayembekeza kudzachigwira chithunzicho m'manja.