Mabatire otha ndi Cinyungwe

Wayilesi yoyamba kulowa m'nyumba mwathu ku Angónia inali Xirico. Atate ankaifunditsa nsalu ngati khanda, mabatire akafooka n'kuwayanika padzuwa. Singano yake siinkacoka pa MBC ya ku Malawi, cifukwa amayi sanapondeko kusukulu ndipo Ciputukizi kwa iwo cinali phokoso cabe. Conco ankadziwa mtengo wa feteleza ku Dedza, maina a nduna za ku Lilongwe, ngakhale maliro a ku Ntcheu. Za ku Tete, likulu la cigawo cathu, ankangozimvera kwa anthu otsika pa lole.

Ngakhale nkhani ya mtendere wathu womwe, umene unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tinaimvera pa wayilesi ya eni ake, tili othawa nkhondo ku Dedza.

Titabwerera kumudzi, atate anayamba kusakasaka Rádio Moçambique ya ku Tete. Kumeneko zilankhulo zimalandizana: Ciputukizi, Cinyungwe, Cinyanja, ciliconse nthawi yake. Atate sankapirira. Akamva Cinyungwe ankati, "Zimitsani, mabatire anga asathere Anyungwe!" Amayi ankayankha, "Inu abambo, mukazimitsa tidzapeza athu atayamba kale." Wayilesi inkakhala yoyaka, iwo akusenda mbatatesi, khutu lili komweko.

Sindikunena kuti zonse zinali bwino. Nthawi yathu inkacepa, ndipo masiku ena Cinyanja cake cinkacita kumveka kuti cagona m'Ciputukizi usiku wonse. Koma zimene zinkanenedwa zinali zathu: tsiku lolembetsa cisankho, tsiku la katemera. Apa mpofunika kwa ife a m'malire. Mayi wina woyandikana nafe anabereka mwana mtunda wautali kupita kucipatala pa tsiku la katemera limene analimva pa wayilesi. Anafika kulibe katemera. Tsikulo linali loona, koma linali la ku Malawi.

Patapita zaka, mdzukulu wawo anatumizidwa kucipatala cacikulu ku Tete, amayi n'kupita kukamudwazika. Ndinada nkhawa: adzamvana ndi ndani? Namwino anafotokoza za mankhwala m'Ciputukizi, ataona kuti gogoyu wangoti kakasi, anabwereza m'Cinyungwe. Amayi anamva zonse: angati m'mawa, angati madzulo, asanadye kapena atadya. Kuyankha ankayankha m'Cinyanja, namwino n'kumamva. Cinyungwe cija cinalowa cokha, pa nthawi imene ankaiyesa yongodikira.

Kanema sanafike kwenikweni kwathu, poti amafuna magetsi. Adzukulu amamvera wayilesi pafoni, ndipo cilankhulo ca ena cikayamba amangodina n'kupita kwina. Amayi akawaona amawalanda foniyo n'kuiika pamphasa. "Asiyeni amalize," amatero, "athu akubwera."