Msana wa Bambo Anga

Kwathu ndi kwa Mwadzama, m'boma la Nkhotakota, m'mudzi wa m'mphepete mwenimweni mwa nyanja. Bambo anga ndi msodzi. Anayamba kupalasa bwato ndi kukoka khoka ine ndisanabadwe, ndipo fizi imene ndikuphunzirira pa seminale pano imachokera ku usipa. Pa tchuthi cha chaka chatha ndinawaona akulephera kuwerama kuti atole nkhafi imene inagwa pamchenga. Nditawatolera anangoseka nati, "Ndi ukalamba uwu, mwana wanga." Komatu bambo sanafike n'komwe zaka 50. Ena m'mudzimo anali atayamba kale kunong'ona kuti pali wina wawachita chipongwe chifukwa cha nsanje.

Titatsekulira sukulu, aphunzitsi a Physics anatifotokozera za mtengo wautali umene timagudubuzira mwala waukulu, ndipo anati thupi lathu limagwira ntchito mofananamo. Minofu ya kumsana imakoka ili pafupi kwambiri ndi fupa la msana, mwina masentimita 5 okha. Tsono munthu akawerama n'kunyamula chidebe cha madzi cha makilogalamu 20, chili patali masentimita 50 ndi msana wake, minofuyo imakoka ngati ikunyamula makilogalamu 200, osawerengera kulemera kwa chifuwa ndi mutu. Anzanga anali kalikiliki kulemba, koma ine maganizo anali kunyanja. Ndinaona bambo atawerama kukweza ukonde wonyowa m'bwato usiku ndi usiku. Ndinaonanso amayi m'munda wa chinangwa ndi khasu lao la mpini waufupi.

Safunsa anadya phula. Ndinawatsatira aphunzitsiwo, ndipo anandiuza kuti maphunziro amenewa ali ndi maina. Biomechanics imayesa mphamvu zimene zimagwera pa mafupa, minofu ndi mfundo za thupi. Mmodzi mwa oyambitsa ake anali Giovanni Borelli wa ku Italy, amene anatsirizira moyo wake akuphunzitsa masamu kunyumba ya ansembe ku Roma, ndipo buku lake lonena za kayendedwe ka zamoyo linatuluka m'chaka cha 1680 iye atamwalira. Ergonomics ndiyo imakonza zida ndi kagwiridwe ka ntchito kuti zigwirizane ndi thupi la munthu. Si nkhani ya mipando ya m'maofesi yokha ayi. Ku California, m'dziko la America, khasu la mpini waufupi analiletsa m'minda m'chaka cha 1975 chifukwa linali kuononga misana ya antchito.

Kodi mwana wa msodzi angafike bwanji kumeneko? Njira ilipo, ngakhale ndi yaitali. Munthu angayambe ndi digiri ya physiotherapy, imene inayamba kuphunzitsidwa ku College of Medicine mu 2010, sukulu imene kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Angayambenso ndi uinjiniya wa zipangizo za chipatala ku MUBAS ku Blantyre kapena ku MUST ku Thyolo. Akakhoza bwino angakachite digiri yachiwiri kunja, monga ku Rhodes University ku South Africa, kumene kuli nthambi yophunzitsa ergonomics. Nzeru zotere zimafunika m'zipatala za mafupa monga Beit CURE ku Blantyre, imene inatsekulidwa mu 2002, komanso m'mafakitale ndi m'maesiteti, pakuti lamulo la 1997 limalamula olemba ntchito kuteteza umoyo wa antchito ao. Koma msodzi ndi mlimi wa kumudzi alibe bwana womuteteza. Ndani adzayesa kutalika kwa nkhafi yao?

Funso limeneli landisowetsa tulo. Ndinabwera kuno ndikufunitsitsa kudzakhala wansembe, ndipo amayi anzao kumphakati anayamba kale kuwatcha "amake a Bambo Mfumu." Ndikadzasankha njira ina, adzayenda bwanji pakati pa anzaowo? Nkhawayi ndinakaitula kwa Abambo amene amatilangiza. Sanandikalipire, ndiponso sanandisankhire. Anati, "Usathamange. Njira zonse ziwiri zifuna kuti ukhoze mayeso a Fomu 4, makamaka masamu, Physics ndi Biology. Yamba wakhoza, uzipemphera, ndipo makolo ako usawabisire."

Pa tchuthi chapitachi ndinalimba mtima n'kuwauza. Amayi anakhala chete nthawi yaitali, kenaka analowa m'khitchini. Bambo anangofunsa kuti, "Sukulu yakeyo ndi ya zaka zingati?" M'mawa mwake ndinadula mtengo n'kusema mpini wautali, ndipo ndinauika pa khasu la amayi. Tsiku loyamba anadandaula kuti likuwalemera. Tsiku lachitatu ndinawaona akulitenga okha, lakale lija atalisiya pakhonde. Bambo ndinawapempha kuti azipinda maondo ndi kuyandikitsa katundu kuthupi ponyamula, ndiponso kuti apite kuchipatala akawaone msanawo. Anavomera monyinyirika.

Mpaka lero sindinasankhe. Koma kwa inu makolo ndikupempha kuti mwana wanu akabwera ndi maganizo otere, mumumvere kaye musanamuweruze. Ndipo inu anzanga, mukapita ku tchuthi, kayang'anitsitseni mmene amene amakulipirirani fizi amaweramira.