Bulugamu Anabwera, Mwini Wake Anatsala

Ife okulira ku Khonjeni tinkayesa bulugamu ndi mbadwa ya m'Thyolo momwemu. Nanga si m'mphepete mwa minda ya tiyi ali ndandanda, nkhuni zake n'zimene zimaumitsa tiyi ku fakitale, ndipo chimfine chikatigwira agogo ankatiwiritsira masamba ake kuti tipume nthunzi titafunda bulangete? Chonsecho mtengowu kwawo ndi ku Australia, ndipo kumeneko uli ndi mwini wake, kanyama kotchedwa koala.

Ena amamuyesa chimbalangondo, koma ayi ndithu. Koala ndi mbale wa kangaroo ndi wombat, nyama zolerera ana m'thumba la pamimba, zomwe muno mu Africa mulibe. Bere lake ndi la masiku pafupifupi 35 basi. Mwana amabadwa wosaona, wopanda ubweya, msinkhu ngati nyemba, n'kukwawa yekha mpaka m'thumba momwe muli mawere. Amakhala m'menemo miyezi isanu ndi umodzi, kenaka mayi wake amamubereka kumbuyo monga achitira amayi athu, kungosowa chitenje.

Masamba a bulugamu, omwe ngakhale mbuzi imangonunkhiza n'kudutsa, ndiwo nsima yake, ndiwo zake n'zomwezo. Ali ndi poizoni ndipo sapatsa mphamvu kwenikweni, n'chifukwa chake koala amagona mpaka maola 20 patsiku. Koma nkhalango zikumuthera. Moto wolusa wa mu 2019 ndi 2020 unapha ambiri, ndipo mu 2022 boma la Australia linalengeza kuti ku Queensland ndi New South Wales nyamayi ikhoza kutheratu.

Ndikamva zimenezi ndimakumbuka changa, wa maso ngati tochi uja, amene ankalira usiku ngati khanda ife n'kubisa mitu m'zofunda. Ndapitako kumudzi kangapo osamumvanso. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo inagwetsedwa kwambiri kuyambira m'ma 1990, ndipo m'bulugamu mulibe nkhuyu zoti changa n'kudya. Sindikuloza chala aliyense, abale. Munthu wopanda munda, tiyi atamuzinga mbali zonse, mukuti akalime kuti?

Akulu anati mlendo ndi mame, koma mlendo uyu wakhazikika, ndipo nkhuni zake tikuzifunadi. Pempho langa n'lakuti m'mbali mwa mitsinje tibwezeretse mkuyu, katope ndi mbawa. Tikapanda kutero, ana a ku Khonjeni adzamudziwa changa monga ine ndimudziwira koala: pa chithunzi cha m'buku.