Wotola zinyalala m'kati mwa selo

Selo lililonse m'thupi mwathu limasesa m'nyumba mwake. Mapuloteni owonongeka amaikidwa chizindikiro chotchedwa ubiquitin, kenako puloteni ina, p62, imawagwira n'kuwalowetsa m'kathumba kopita kokagayidwa. Ntchitoyi amati autophagy. Yoshinori Ohsumi wa ku Japan analandira mphoto ya Nobel mu 2016 ataifufuza mu yisiti. Ofufuza amapanga p62 mu labotale poika jini yake m'mabakiteriya a E. coli, kuti aione bwino payokha.

Ine wa ku Mchinji nkhaniyi imandikhudza, chifukwa p62 imathandizanso selo kugwira tizilombo ta TB. Koma kwathu, m'maminibasi a pakati pa Kamwendo ndi malire a Mwami, ndamvapo ena akuti ukasala kudya thupi limadzichiza lokha, mankhwala n'ngosafunika.

N'zoona kuti njala imafulumizitsa autophagy. Komabe tizilombo ta TB timadziwa kuzemba msampha umenewu, n'chifukwa chake wodwala amamwa mankhwala miyezi 6 osadumphitsa.

Anzanga, tikapita kutchuthi tikafotokoze zimenezi mwaulemu. Amalume akasiya mankhwala panjira, chifuwa chimatha kubwerera chitakhwima, n'kugwiranso ana ogona nawo nyumba imodzi.