Getsi Lophethira

Amalume anga anali mmisiri wa zamagetsi, ndipo pa tchuthi ndinkawanyamulira makwerero ndi chikwama cha zipangizo. Chuma sanandisiyire, koma anandiphunzitsa kumvetsa chimene getsi la chubu likunena likayamba kuphethira. "Mphwanga," ankatero, "getsi ili ndi banja la atatu: chubu, sitata ndi choko. Likadwala uyambe wafunsa kuti wadwala ndani."

M'kati mwa chubu mulibe waya woyaka ngati wa m'babu. Muli mpweya wa argon ndi kadontho ka mercury, ndipo kumapeto konse kuwiri kuli timawaya topotana. Mukayatsa swichi, sitata, kachitini kakang'ono kobisala m'mbali, amalumikiza njira kuti timawayato titenthe. Kenako amadula mwadzidzidzi, ndipo choko, chitsulo cholemera chokulungidwa waya, amaponya mphamvu yaikulu imene imaboola njira mumpweyamo. Akatero, choko yemweyo amawagwira magetsi kuti asasefukire n'kupsereza chubu. Chodabwitsa n'chakuti kuwala kumene mercury amatulutsa maso athu sakuona. Ufa woyera wopakidwa m'kati mwa galasi ndi umene umakusandutsa kuwala kowerengera buku.

Nzeruzi zinandipindulira ndikuphunzitsa pasukulu ina yogonera pomwepo. Kutatsala milungu itatu kuti ana a Folomu 4 alembe mayeso a MSCE, machubu atatu mwa anayi a m'kalasi mwawo anasiya kuyaka. Akuluakulu anati ndalama zogulira atsopano zidikire teremu ina. Madzulo ana onse ankaunjikana pansi pa chubu limodzi lotsalalo, ofooka n'kumakankhidwira kumdima. Mtsikana wina anandiuza kuti, "Aphunzitsi, ndikawerenga tsamba limodzi mutu umawawa, ndiye ndimangopita kukagona." Ndinakwera pa desiki n'kuyang'anitsitsa. Machubu awiri anali ofiira kumapeto koma pakati pali bii. Nditapotokola sitata n'kumuchotsa, chubu linayaka mbee nthawi yomweyo. Olakwa anali masitata amene anakanirira osadula njira, tinthu totsika mtengo kwambiri pa atatu aja. Chubu lachitatu lokha ndi limene linali litathadi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chubu likada ngati mwaye kumapeto, n'kumayaka ndi kuzima mosalekeza, ndiye kuti lakalamba. Lichotseni msanga lisanatopetse sitata ndi choko. Likakhala latsopano koma osayaka n'komwe, lipotokoleni kaye pang'ono, poti kawirikawiri timiyendo take sitinakhale bwino m'malo mwake. Likamalira ngati njuchi, kapena mukamva fungo la chopserera, vuto ndi choko: zimitsani magetsi ku meni swichi ndipo muitane mmisiri. Machubu onse akamavuta kuyaka nthawi imodzi, makamaka chakumadzulo, musawanamizire, mphamvu yobwera m'nyumba ndi imene yatsika.

Getsi limeneli linayamba kugulitsidwa ku America mu 1938, koma masiku ake akutha. Mercury ndi poizoni wowononga ubongo ndi mitsempha. Mu 2023, maiko a m'pangano la Minamata anagwirizana ku Geneva kuti pofika 2027 kupanga ndi kugulitsana magetsi otere kuthe, ndipo maiko a mu Africa ndi amene anabweretsa ganizoli. Malo ake akutengedwa ndi LED, imene sifuna sitata ndipo imadya magetsi ochepa.

Sindikudandaula, ngakhale luso la amalume likupita nalo limodzi. Nkhawa yanga ili pa machubu akufa amene aunjikidwa kuseri kwa makalasi ndi maofesi, amene ana amamenyanirana ngati malupanga. Limodzi likasweka m'nyumba, tulutsani ana, tsekulani mazenera, ndipo magalasiwo muwatole ndi katoni, osati ndi manja. Getsi limene latiwerengetsa mabuku zaka zonsezi tisalisiye kuti likadwalitse adzukulu athu.