Tiyi wa m'fulasiki

Kwathu kuno tikamva za mano obooka timaloza ana ndi maswiti awo. Komatu anthu amene ine ndawaperekeza kukazulitsa mano ndi akuluakulu okhaokha: malume anga kamodzi, mayi anga kawiri. Onsewa maswiti sadya.

Mayi amagulitsa kaunjika pamsika. Amanyamuka m'mamawa ndi fulasiki ya tiyi wothira kale shuga, ndipo samumwa nthawi imodzi ayi. Amamwako pang'ono, kasitomala akabwera kapu pansi, akapita amwakonso, mpaka dzuwa kupendeka. Pakatipo pamalowa mandasi, pena Sobo. Nyengo ya nzimbe ndiye osanena.

Vuto lagona pa kamwedwe kameneka. Tizilombo tokhala pamano timadya shuga n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula chikuto cholimba cha dzino. Malovu amatsuka asidiyo n'kubwezeretsa zina zomwe zasungunuka, koma amafuna nthawi, theka la ola kapena kuposerapo. Womwa tiyi wake yense pa kadzutsa, mano ake amazunzika kamodzi basi. Mayi anga, ndi shuga wofanana yemweyo, mano awo amasamba m'asidi tsiku lonse, malovu osapatsidwa mpata.

Kuchuluka kwake nakonso kuli ndi mlandu. Mu 2015 bungwe la WHO linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi zakumwa asapitirire masipuni ang'onoang'ono pafupifupi 12 patsiku kwa munthu wamkulu, ndipo akakhala 6 ndiye bwino koposa. Botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi likhoza kupyola 6 amenewo palokha.

Ukalamba umawonjezera zake. Nkhama zimafota, muzu wa dzino n'kutsala pamtunda, pomwe muzuwo ulibe chikuto cholimba chija. Mankhwala ena a BP amaumitsa m'kamwa. Usiku malovu amachepa, ndiye kapu ya pogona imene mayi amaikonda kwambiri ndiyo yoopsa kuposa onse.

Sindinawauze kuti asiye tiyi, chifukwa amene angayese zimenezo sawadziwa mayi anga. Ndinangoti, "Amayi, muzimwa pamodzi ndi chakudya, mukatha mumwe madzi, ndipo usiku mswachi uzikhala womaliza."

Anaseka, nati ndayamba udokotala wopanda satifiketi. Fulasiki ikupitabe kumsika, koma masiku ano m'chikwama mwawo mukumakhalanso botolo la madzi. Chimanga chowotcha amatafunira mbali imodzi yokha, kumanzere, komwe kwatsala mano okwanira.